Mlandu Wanga, Nkhope ya Maartje

Kwathu ku Zwanenburg, pafupi ndi bwalo la ndege la ku Amsterdam, munthu sumaliza kulankhula ndege isanadutse. Umayamba, umaima kaye, ikapita n'kupitiriza. Ine ndi mwamuna wanga Tjeerd takhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mikangano yathu yambiri inathera panjira, chifukwa ndege ikamatha kudutsa wina amakhala ataiwala kale chimene amakalipira. Phokosolo ndinabadwiramo, silinandivutepo. Chimene chinandipsetsa mtima ndi chikwangwani.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina ku Haarlem. M'mawa wina nditatsika basi pa siteshoni ndinaona chikwangwani chachikulu cha kampani ya ndege ya Zilvermeeuw. Anajambulapo dzanja litagwira kambande ka mtengo, ndege yoyera mbee ikudutsa pamwamba, ndipo pansi pake analemba kuti: "Ulukani nafe. Onjezerani mayuro atatu, tidzala mtengo, ndipo ulendo wanu usiya mpweya uli woyera monga munaupezera." Ndinaima pamenepo mpaka anthu othamangira sitima anayamba kundigunda ndi zikwama. Ndinatulutsa foni n'kuchijambula.

Masana a tsiku lomwelo mphunzitsi mnzanga anandiuza monyadira kuti iye ndi banja lake apita ku Spain osaipitsa chilichonse, poti ndalama zija, mayuro atatu, analipira. Munthu ameneyu ankaphunzitsa masamu.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kusonkhanitsa. Zikwangwani za m'masiteshoni, zotsatsa za m'nyuzipepala, timapepala ta m'ndege timene anzanga ankanditengera, chilichonse ndinkalemba tsiku ndi malo n'kuchiika m'fayilo. Ndinakadandaula kawiri ku komiti yoona za kutsatsa malonda. Kawiri konse anandivomereza, ndipo kawiri konse kampaniyo inangosintha liwu limodzi n'kupitiriza. Ndinayambitsa kabungwe ka anthu asanu ndi awiri. Tinkakumana Lachiwiri lililonse m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya Tjeerd yokonzeramo njinga, fungo la girisi likukwera ndi masitepe. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha chonchi, mafayilo n'kufika khumi ndi anayi. Tjeerd ankawatcha ana athu, poti ana enieni tilibe.

Kenako kunabwera Maartje van Dongen. Anali loya wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, wamtali, watsitsi lalifupi, ndipo akayamba kulankhula anthu ankaika makapu pansi. Anamva za ife kwa mnzake wina. Anakhala maola atatu akuvundukula mafayilo anga, kenako anakweza mutu.

"Mayi Verhoef, mukudziwa chimene muli nachochi? Izi si za komiti. Izi n'za kukhoti."

"Nditchule Ineke," ndinatero. Usiku umenewo ndinagona ndikumwetulira. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi palibe amene anawerengapo mafayilo amenewo mpaka kumapeto, ngakhale Tjeerd.

Miyezi yoyamba ndinkamukonda ngati mng'ono wanga. Ndinkamusungira supu ya nandolo, ndinkamufotokozera chilichonse. Tsiku lina anandifunsa kuti nkhani yonseyi ndingaifotokoze bwanji kwa munthu wopanda nthawi.

"N'zosavuta," ndinatero. "Ndege imafika ku Spain m'maola awiri ndi theka. Mtengo umafuna zaka makumi atatu, ndiponso ngati sunapse."

Anaseka n'kulemba m'kabuku kake.

Samani itapita ku kampaniyo, wailesi ina inandiimbira foni. Ndinali nditakonzekera mawu anga kwa zaka zambiri. Mayi wa ku wailesiyo anandimvetsera mwaulemu kwa mphindi zisanu, kenako anafunsa ngati ndingamupatse nambala ya loya wathu. Ndinamupatsa. Patatha sabata Maartje anali pa TV, atavala jekete yobiriwira imene ndinamuthandiza kusankha. Wofunsayo anati afotokoze nkhaniyi mwachidule. Maartje anayang'ana kamera n'kunena za maola awiri ndi theka ndi zaka makumi atatu. Anaima pang'ono asananene kuti "ngati sunapse," ndipo anthu a m'situdiyo anaomba m'manja.

Tjeerd anamenya mwendo wake. "Eee! Mtsikana ameneyu ali ndi mutu! Wamva mmene wanenera?"

"Ndamva."

"Ngati sunapse! Amazitenga kuti zimenezi?"

"Kukhitchini kwako," ndinatero. "Mawu amenewo ndakhala ndikukuuza iwe kuyambira kalekale. Unkati ndikukusokoneza mpira."

"Aa, koma iye wawanena bwino," anatero osachotsa maso pa TV.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Ine ndikalankhula ndimayambira kutali, ndimafuna munthu amvetse kaye za mpweya umene umaunjikana kumwamba, ndimatchula manambala. Ana asukulu ankanditcha Mayi Komanso. Maartje ankatenga zomwezo n'kuzinena m'mpweya umodzi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zinthu zimene poyamba sindinkaziona. Njinga ya Maartje ikafika pa shopu, Tjeerd ankasiya ya kasitomala ili miyendo m'mwamba n'kuyamba kupopa yake. Anamuikira belu latsopano osamuuza. Ine njinga yanga inkalira tcheni kuyambira chilimwe. Sikuti ndinkaganiza zoipa, Tjeerd ndi wadazi ndipo amagona nthawi ya nkhani isanathe. Koma nkhope imene ankapanga Maartje akamalankhula ndinkaikumbukira. Anandiyang'anapo choncho ine kalelo.

Kabungwe kathu kanakula kufika anthu mazana anayi. Atsopanowo ankakwera masitepe n'kundipeza ndikuthira khofi, n'kundifunsa kuti, "Pepani mayi, a Maartje afika?" Wina anandipatsa jasi lake kuti ndimukolekere. Nyuzipepala ina inalemba kuti Maartje "anafukula umboni wa zaka zisanu ndi chimodzi." Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo Maartje anali akulemba mayeso.

Iye mwini sankadzitama. Nthawi zonse ankanena kuti "ife", ndipo kawiri anatchula dzina langa pa wailesi, koma a wailesiyo anadula mbali imeneyo. Anabwera kudzandipepesa.

"Ndinawauza, a Ineke, ndithu ndinawauza."

"Usadandaule, mwana wanga. Ine sindichitira kutchuka."

Ndinanena zimenezi ndikumwetulira, ndipo atatuluka ndinatsuka kapu yake mwamphamvu mpaka chogwirira chinathyoka.

Mlandu unalowa m'khoti ku Amsterdam Lachinayi lina m'mwezi wa Novembala. Kunali mvula yowaza. Tinakwera sitima ya m'mawa, ine, Tjeerd ndi anthu athu ena. Pakhomo la khoti atolankhani anamuzinga Maartje, ndipo mmodzi anandipempha kuti ndisunthe pang'ono chifukwa ambulera yanga inkatchinga kamera.

M'kati munali oweruza atatu. Wapakati, amene ankatsogolera, anali mayi waimvi wovala magalasi pansonga ya mphuno. Ine monga wapampando wa bungwe ndinakhala patebulo lakutsogolo, kumanzere kwa Maartje. Mafayilo anga khumi ndi anayi anali atawafinya kukhala mpukutu umodzi wa masamba mazana anayi ndi makumi asanu, ndipo aliyense anali ndi wake. Maartje anali atavala mkanjo wakuda wa maloya. Unkamukhala, ndithu unkamukhala.

Analankhula kwa mphindi makumi anayi osayang'ana pepala. Anafotokoza kuti kampaniyo inkagulitsa mtendere wa mumtima pamodzi ndi tikiti, kuti munthu wamba akawerenga mawu amenewo amakhulupirira kuti utsi wa ulendo wake wafafanizika, pamene mitengo yake ina inali isanadzalidwe n'komwe. Woweruza wina wa kumanja anasiya kulemba n'kumangomuyang'ana. Ndinacheuka kumbuyo. Tjeerd anali atatsegula pakamwa pang'ono.

Kenako anaimirira loya wa kampaniyo, a Bleeker, bambo wofatsa wa mawu ofewa ngati dokotala wa mano. Sanatsutse za mitengo. Anati anzawo a mbali inayi akulimbana ndi mawu amene kampaniyo sinanenepo.

"Ife tinati mayuro atatuwo amathandiza kuchepetsa. Kuthandiza, olemekezeka. Zili pa intaneti, zili m'timapepala tonse. Zoti mpweya umatsala woyera monga munaupezera, a Van Dongen azinena kasanu m'mawa uno, koma sanationetse pamene tinalemba."

Woweruza wamkulu uja anayang'ana Maartje pamwamba pa magalasi. "A Van Dongen, mungatilozere tsamba?"

"Inde, olemekezeka. Kamphindi."

Analemba mawuwo pa kompyuta yake kuti iwafufuze. Sinapeze kanthu. Analembanso mwa njira ina. Sinapeze. Ine ndinadziwa chifukwa chake nthawi yomweyo. Mawuwo sanali olembedwa m'mpukutumo ngati mawu. Anali m'chithunzi, chija ndinajambula pa siteshoni ya Haarlem tsiku loyamba, ndipo kompyuta siwerenga chithunzi chojambulidwa ndi foni yakale kunja kuli mitambo. Kampaniyo inachotsa mawu amenewo patangotha milungu itatu, Maartje asanadziwe n'komwe kuti kuli kampani yotchedwa Zilvermeeuw. Chithunzicho chinali pa tsamba 212. Ndinkalidziwa ngati nambala ya nyumba yanga.

Sindinanene kanthu.

Maartje anasiya kompyuta n'kuyamba kuvundukula mpukutuwo. Anayambira kutsogolo, analumphira kumapeto, anabwerera. Anadutsa tsamba lomwelo osaliona, masamba awiri atamatirana. M'khotimo munali zii, kumangomveka mapepala. Ndinaona khosi lake likufiira kuyambira pa kolala kukwera mpaka m'makutu. Ndipo ndinene zoona, poti ndi chifukwa chake ndikulemba zimenezi: ndinamva kukoma. Kunali kukoma kotentha, kodzaza chifuwa, ngati pamene wavula nsapato yothina. Ndinkafuna Tjeerd aone. Ndinkafuna atolankhani aja aone. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha mtsikanayu adziwe mmene zimakhalira kuima pamaso pa anthu mawu atakuthawa. Ndinapinda manja patebulo n'kumayang'ana chithunzi cha mfumu pakhoma.

Anacheukira kwa ine kamodzi. Ndinakweza mapewa pang'ono.

"A Van Dongen?" anatero woweruza.

"Chilipo, olemekezeka. Ndikutsimikiza kuti chilipo."

Sindikudziwa kuti ndikanakhala chete mpaka liti. Ndimafuna kukhulupirira kuti ndikanalankhula ndekha, koma sindingalumbire. Amene ananditsegula pakamwa ndi a Bleeker. Anaimirira pang'onopang'ono, akumwetulira mwachifundo.

"Olemekezeka, tisawavutitse anzathuwa. Mapepalawa anasonkhanitsidwa ndi anthu ongodzipereka, pa nthawi yawo yopuma. N'zomveka kuti penapake kukumbukira kunasakanikirana ndi zimene ankafuna kuona."

"Tsamba 212."

Ndinalankhula ndi mawu a m'kalasi, aja amafika ku benchi yomaliza. Ndikanatha kulemba pa kapepala n'kumukankhira Maartje mwakachetechete, koma sindinafune. Khoti lonse linandicheukira.

"Ndinu ndani, mayi?" anafunsa woweruza.

"Ineke Verhoef, wapampando wa bungwe. Ndinajambula ndine. Siteshoni ya Haarlem, pa 14 Marichi, nthawi itangopitirira hafu seveni. Mukayang'ana kumanja muona wotchi ya siteshoni. Tsamba 213 ndi kalata ya kampani yokhoma zikwangwani yotsimikiza kuti zinalipo makumi asanu ndi limodzi m'dziko muno. Komanso..."

"Zakwana, Mayi Verhoef. Zikomo."

Mapepala analira m'khoti monse. Woweruza anawerenga mawu a pa chikwangwanicho mokweza, pang'onopang'ono, mpaka "monga munaupezera." Kenako anafunsa a Bleeker ngati ndege ya pa chithunzicho inali yawo. A Bleeker anapempha kuti akambirane kaye ndi anthu awo.

Maartje anatenga mphindi imeneyo n'kuigwiritsa ntchito mokwanira. Khosi likadali lofiira, anaimirira n'kunena kuti kampani imene yaiwala chikwangwani chake cha mamita asanu ndi limodzi ikupempha anthu aikhulupirire kuti idzakumbukira mtengo kwa zaka makumi atatu. Anthu kumbuyo anaseka, woweruza n'kuwaletsa. Mawu amenewo ndiwo anatuluka pa nkhani madzulo ake. Anali akeake, sindinganame.

M'sitima pobwerera Tjeerd anandigwira dzanja. "Iwe ndiye wapulumutsa zinthu lero. Unakumbukira bwanji?"

"Zinangobwera," ndinatero, n'kuyang'ana ng'ombe panja.

Chigamulo chinatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi. Mwa zotsatsa khumi ndi ziwiri zimene tinadandaula, khoti linapeza kuti zisanu ndi zinayi zinali zosocheretsa anthu, ndipo linalamula kampaniyo kuti izichotse. Chikwangwani cha ku Haarlem chinatchulidwa koyambirira. Nyuzipepala zinaika chithunzi cha Maartje ali pa masitepe a khoti, manja m'mwamba. Kumphepete kwa chithunzicho kunkaoneka phewa la jasi lotuwa. Tjeerd anadula chithunzicho n'kuchikhoma m'shopu, ndipo kasitomala aliyense ankamulozera phewalo kuti, "Uyu ndi mkazi wanga." Ankachita ndi mtima wabwino. Ndinkafuna kumugenda ndi sipanala.

Loweruka lotsatira masana tinachita phwando m'chipinda chapamwamba chija. Anthu anadzaza mpaka pa masitepe. Ndinaphika makeke atatu a maapozi. Ndili m'kakhitchini kufunafuna mpeni, Maartje analowa n'kutseka chitseko ndi msana.

"A Ineke, ndikufunseni kanthu."

"Funsa."

"Tsiku lija, munakumbukira liti tsambalo?"

Ndinatsegula dirowa ina ngakhale mpeni ndinali nditaupeza kale. "Nthawi imene ndinalinena."

"Ayi. Inu mukamaganiza mumagwedeza mwendo, tebulo lonse limanjenjemera. Ndakhala nanu chaka ndi theka. Tsiku lija mwendo unali phee."

Kunja kwa chitseko wina ankayesa kuyambitsa nyimbo. Ndinaika mpeni pansi.

"Ndinalidziwa a Bleeker asanamalize kulankhula koyamba," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho limene ankaliyembekezera. Maso ake ananyowa, koma sanalire. "Ndinkaganiza kuti ndikomoka. Mukudziwa? Ndinkaona mlandu wonse ukugwa chifukwa cha ine. Ndinakuyang'anani."

"Ndinakuona."

"Ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinafunafuna chinthu chimodzi chomuuza, chenicheni, choti munthu angachigwire. Ndinaganiza za mawu aja a mtengo, za belu la njinga, za jasi limene ndinakoleka. Zonse zinkaoneka zazing'ono zochititsa manyazi.

"Palibe," ndinatero. "Ukanandilakwira bwenzi zili bwino."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ndinkayembekezera kuti anena kuti sadzabweranso, kapena kuti auza anthu. Mbali ina ya ine inkafuna atero, akalipe, atukwane, aoneke woipa ngakhale kamodzi.

"Pali kampani ya sitima zapamadzi zoyendetsa alendo," anatero. "Ikunena kuti sitima zake siziwononga chilengedwe. Anthu a ku Rotterdam andipempha. Ndinawauza kuti sindibwera popanda inu, ndipo kwa atolankhani tizipita awiri. Muzilankhula inuyo poyamba. Ndikuphunzitsani kufupikitsa."

"Ukudziwa zimene ndinachita, ndiye ukundifunabe?"

"Ndikufuna munthu wodziwa tsamba 212. Koma mukadzachitanso zija, a Ineke, ndidzakukankhirani mu ngalande ndi njinga yomwe. Ndikunena zoona."

Anamwetulira pang'ono, mphuno ili yofiira, n'kunditambasulira dzanja. Ndinaligwira. Ndinayenera kumva kupepuka, ndipo pang'ono ndinamvadi. Koma pansi pake nsanje yanga inatembenukanso. Ine ndikanakhala iye sindikanakhululuka. Ndikanasunga nkhaniyo m'fayilo, ndi tsiku ndi malo. Iye anangoima pamenepo, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, n'kukhululuka mosavuta ngati akuvula magolovesi. Ngakhale chimenechi ankachichita bwino kuposa ine.

"Rotterdam liti?" ndinafunsa.

"Lachitatu. Sitima ya naini."

Tinatuluka. Anthu atamuona anayamba kuomba m'manja ndi kuitana dzina lake. Iye anandigwira phewa n'kukuwa kuti aombere ine, ndipo anaombadi, mwaulemu, ena akufunsana kuti ndine ndani. Ndinaika keke patebulo n'kuyamba kudula. Ndinagawira anthu onse a pafupi. Maartje atatambasula mbale yake ndinamuikira kachidutswa ka kumphepete, kopyapyala, kamene kanapserera pang'ono. Anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuyamba kuseka mpaka anatsamira khoma. Anakadya konse.